Mlonda amene sanagwirepo munthu

Ba Jeremiya tinawaika Lachinayi lapitali kumudzi kwawo, kuseri kwa Bundabunda, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati tinalilakwira. Abusa atapempha kuti wina anene mbiri ya malemu, anthu anayang'anana, kenako maso onse anagwera pa ine. Paja ndine ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri pa kaofesi ka boma ka zaulimi, iwo mlonda, ine kalaliki. Ndinaimirira n'kunena zimene aliyense amanena pamanda: anali munthu wabwino, wopemphera, wosayambana ndi anthu. Chomalizachi linali bodza, ndipo akazi awo, ba Esinati, anandiyang'ana cham'mbali mpaka ndinatsokomola. Ndinakhala pansi nditasiya chachikulu osachinena. N'chifukwa chake ndikulemba, poti pepala silindiyang'ana cham'mbali.

Anali munthu wamtali, woonda, wa makutu aakulu oti dzuwa likakhala kumbuyo kwawo ankaoneka ofiira. Boma linawapatsa chijasi chakuda, ndodo, wezulo, ndi tochi imene mabatire ake anatha ine ndisanalembedwe ntchito. Wezuloyo sindinaimvepo ikulira. Ndodo ankapirikitsira mbuzi. Chida chawo chenicheni chinali tsache la timitengo, lomanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo limeneli silinali la boma, anamanga okha.

Kaofesi kathu kanali ka zipinda ziwiri, shedi yosungiramo mbewu ndi feteleza, mkuyu umodzi pageti, ndi mpanda wa waya umene ngakhale ng'ombe inkatha kulowa osawerama. Madzulo aliwonse, ife tikaweruka, ba Jeremiya ankayamba kusesa. Ankayambira pakhomo pa shedi, akuyenda chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, mpaka kukafika pageti, kuti ngakhale phazi lawo lisatsale. Akamaliza, bwalo lonse linkakhala see, ngati ufa woyanika pamphasa. Ndinkakonda kuima panjira n'kucheuka. Fumbi linkakwera lofiirira, dzuwa n'kulowamo, ndipo munthu wamtali uja ankaoneka ngati akuyandama m'madzi, osaponda pansi.

M'mawa ndiye panali nkhani. Palibe ankaloledwa kulowa iwo asanamalize kuyendera bwalolo, manja kumbuyo, khosi pansi ngati nkhuku yofuna mphutsi. Ngakhale bwana Daka, mkulu wa ofesi yathu, ankaima pageti njinga yamoto ikulira.

"Imani pamene apo, bwana. Nikali kubelenga."

"Mubelenga chani imwe, ba Jeremiya? Na A simuiziba."

"Nyuzi ya lelo, bwana. Yanu ija ya ku Lusaka ichedwa, ifika mailo, yanga ifika lelo kuseni."

Akatsegula geti ankatiuza nkhani za m'nyuzi yawoyo. Njoka yadutsa apa, yakhuta, yapita kuchulu. Galu wa aphunzitsi, wotsimphina uja, anabwera kawiri. Munthu wina woledzera anatsamira mpanda, anaganiza, anasintha maganizo. Ankazinena ndi mawu otsika, maso theka, ngati akufotokoza maloto, moti nthawi zina sindinkadziwa pamene fumbi lathera ndi pamene maloto awo ayambira. Pakuti maloto nawonso ankatiuza, tifune tisafune. Kamodzi analota kuti mtsinje wa Chongwe wonse waphwa ndipo pansi pake pali mapazi a anthu onse amene anawolokapo, a amayi awo omwe, akadali onyowa.

Ankakonda kunena kuti pakamwa pa munthu pamadziwa kudzikonza, koma phazi n'lopusa, limanena zonse. Ankati wobwera ndi mtima woyera amaponda ndi chidendene, wobwera ndi nkhani amayenda ndi zala. Za ndege zimene zinkadutsa pamwamba pathu kupita kubwalo la ndege ankadandaula kuti ndizo zokha zimawapita osawapatsa moni. Koma tsiku lina ndinawapeza ali chagada pansi pa mkuyu, akuloza mzere woyera umene ndege inasiya kumwamba, akuseka okha.

"Amake Tisa," anandiitana ndi dzina la mwana wanga, "onani. Nayo yaponda."

Ndinanama pamanda paja kuti sankayambana ndi anthu. Ankayambana ndi dalaivala wa lole ya feteleza, amene ankafika madzulo bwalo litasesedwa kale n'kuzungulira pakati penipeni ngati dala. Ankayambana ndi ine chifukwa cha nsapato zanga zazitali kumbuyo, ati zimaboola nyuzi. Koma mkangano wa moyo wawo wonse unali ndi ba Esinati, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankawabweretsera chakudya m'kambale kokulunga ndi nsalu. Mayiwa sankamvetsa kuti mwamuna amene kunyumba sanagwirepo tsache ngakhale tsiku limodzi angasese bwalo la boma ngati mtengwa watsopano.

"Banthu baniseka kuchigayo," ankatero ba Esinati, dzanja m'chiuno. "Bakuti nakwatiwa na mukazi munzanga."

"Bauzeni babwere basese, tione ngati bazakwanisa."

"Kunyumba vinyalala vifika m'makutu, imwe muli kuno kusesa mchenga!"

"Kunyumba kulibe vakuba," ankayankha, akutsegula kambale kuti aone ndiwo.

Zaka zimene boma linayamba kugulitsa makampani ake ndi kuchepetsa antchito, mphepo ija inafika ndi kwathu komwe. Kalata inabwera m'envulopu ya khaki, ndipo ndine ndinaitsegula. Inkati alonda, osesa ndi amtengatenga sadzakhalanso pa ntchito ya boma. Nyumba zonse za boma zidzalonderedwa ndi magadi a kampani. Pansi pake panali kachiganizo kachifundo: mlonda amene alipo kale angayesedwe pamodzi ndi ofunsira ena, ndipo akakhoza, kampani idzamutenga. Ankafuna munthu wa satifiketi ya sukulu, wa msinkhu wotha kuthamanga, wodziwa kulemba lipoti m'buku. Ba Jeremiya analibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Anali ndi getilo basi, ndipo kunja kwa getilo sindikudziwa ngati iwo eni ankadziwa kuti ndi ndani.

Bwana Daka anawawerengera kalatayo pansi pa mkuyu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati magadi a kampaniwo amabwera ndi masache awo. Sabata yonse yotsatira ndinkawaona kuseri kwa shedi akuphunzira kuguba, ndodo paphewa, mawondo akulira. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinazindikira kuti misoziyo sinali ya kuseka yokha.

Apa ndiyenera kunena mmene ba Jeremiya ankachitira ndi akuba, chifukwa akuba ankabwera ndithu. Pamalo pamene pali feteleza ndi mbewu, anthu ozungulira ali ndi minda ndi njala, simungati sadzabwera. Iwo akapeza phazi lachilendo lopita kushedi, sankaimba wezulo, sankauza bwana, sankapita kupolisi. Mapazi a anthu a dera lonselo ankawadziwa, pakuti onse ankabwera masana kudzatenga mbewu kapena kudzafunsa za matenda a ng'ombe. Ankakulunga tsache lawo m'thumba, n'kupita kunyumba kwa mwini phazi. Ankapereka moni, kupempha madzi akumwa, kucheza za mvula ndi za mbuzi, n'kutsazika. Atapita, mwini nyumba ankapeza tsache kuseri kwa chitseko. Tsache la eni limabwezedwa, ndipo palibe ankalibweza lokha. M'mawa mwake chinthu chobedwa chija chinkapezeka pamalo pake, tsache litatsamira mkuyu, bwalo litasesedwa, nkhani yatha. M'mabuku a boma munalibe dzina la wakuba ngakhale mmodzi, ndipo bwana Daka ankanyadira kuboma ku Chongwe kuti kwathu kuno anthu ndi oopa Mulungu.

Zimenezi sindinachite kumva kwa munthu. Tsachelo linagonapo kuseri kwa chitseko changa.

Chinali chaka cha chilala chija, chimene tinadya chimanga chachikasu. Shedi yathu inadzaza ndi matumba a chimanga cha chithandizo, choti chigawidwe kwa anthu a m'midzi amene ankakonza misewu. Ife a pa ntchito ya boma sitinali pa mndandanda, poti amati tili ndi malipiro, ngakhale malipirowo ankafika mochedwa n'kupeza ufa wakwera kale. Bambo a mwana wanga anali atapita ku Lusaka kukafuna ntchito, ndipo anali chete. Mwana wanga Tisa anali ndi zaka zitatu. Masiku oyamba ankalira, kenako anasiya kulira, ankangokhala pakhomo n'kumayang'ana nkhuku. Kusiya kulirako n'kumene kunandiopsa.

Makiyi a shedi anali awiri, wanga ndi wa ba Jeremiya. Ndinkadziwanso kuti Lamlungu lililonse, kukangocha, ankapita pachulu kunja kwa mpanda kukapemphera, ndipo pemphero lawo linali lalitali, la nyimbo zitatu, mokweza ngati Mulungu ali kutali ku Kafue. Ndinafika pageti ndi ndowa nyimbo yoyamba ili mkati. Ndinavula nsapato, poti nsapato zanga ankazidziwa, n'kuzisiya muudzu. Ndimakumbukirabe kuzizira kwa fumbi losesedwa lija kumapazi, lofewa ngati ndikuponda ufa, ndi mmene zonse zinkaonekera patali ngati ndikulota: shedi, kiyi, ulusi wa thumba, phokoso la chimanga chikugwera m'ndowa. Ndinatuluka nyimbo yachitatu isanayambe. Ndinkadziona wochenjera.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kuphazi langa lamanzere kachala kakang'ono kanakwera pa kanzake chibadwire, moti ndikaponda pansi pamatsala zala zinayi. Ndipo dzinja lililonse ndinkafika kuntchito nsapato zili m'manja chifukwa cha matope, n'kudutsa pamaso pa munthu amene ankawerenga pansi ngati Baibulo.

Anabwera masana, anthu atatuluka kutchalitchi, thumba m'khwapa. Chimanga chinali pamoto, fungo lake lili nyumba yonse, ndipo panalibe pochibisa. Anapempha madzi. Ananena za kutentha, anamufunsa Tisa dzina la nkhuku iliyonse, anayang'ana mphika kamodzi kokha. Atatsazika ndinapeza tsache kuseri kwa chitseko, ndipo ndinakhala pansi pomwepo. Chobweza ndinalibe. Mwana anali atadya, ine ndinali nditadya, chotsala ndinalibe mtima wochichotsa m'nyumba.

Lolemba tsache ndinalibweza lokha, ine woyamba kuchita zimenezo. Ndinapeza geti lili lotsegula kale, bwalo losesedwa ndi nthambi ya masamba, bwana Daka akuimika njinga yawo modabwa kuti lero sanaimitsidwe.

"Nyuzi ikamba chani lelo, ba Jeremiya?"

"Mphepo yafuta vonse, bwana. Kulibe nyuzi."

Ndinawatsatira kuseri kwa shedi n'kuwapatsa tsache ndi manja awiri, maso pansi. Ndinkadikira mawu aakulu, ndipo ndinali nditakonzeka kugwada.

"Mwana adya?" anafunsa.

"Adya, atate."

"Basi."

Nditatsegula shedi ndinapeza thumba lija lili lodzaza, losokedwa ndi ulusi watsopano. Sindinafunse. Zaka zinayi zinadutsa, tikupatsana moni m'mawa uliwonse, akundinyoza nsapato, ine ndikuwanyoza maloto, ndipo nkhaniyo sinatulukepo pakamwa pa aliyense wa ife.

Tsiku loyesa magadi linafika kukutentha. Kusanache bwino anyamata anali atadzaza kale pageti, ena a konkuno, ena ochokera ku Chongwe ndi ku Lusaka pa minibasi, aliyense ndi satifiketi m'pepala la pulasitiki. Analowa chigulu n'kupondaponda bwalo lonse ba Jeremiya asanaliwerenge. Iwo sanakalipe. Anaima pamzere pamodzi ndi anyamatawo, atavala chijasi chawo chochapa, ndipo nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti imvi zonse zapita. Anali atapaka polishi wa nsapato kumutu. Pofika nthawi yawo yolowa, thukuta linali litatsitsa mizere yakuda m'khosi mpaka pa kolala.

Woyesayo anali bambo wa kampani wochokera ku Lusaka, wachinyamata, wa tayi, ndipo sindingamunamizire nkhanza. Anali waulemu. Anakhala patebulo ndi bwana Daka, ine pambali ndi cholembera, chifukwa anandipempha kuti ndizilemba mayankho pa fomu. Ataona ba Jeremiya anaimirira n'kuwapatsa mpando, ndipo za polishi anachita ngati sanaone.

Satifiketi? Palibe. Kulemba? Ayi. Zaka zobadwa? Ba Jeremiya anati anabadwa chaka cha dzombe, ndipo bamboyo anamwetulira n'kundiuza kuti ndisiye malowo. Kenako anatsamira patebulo.

"Ba tate, nifuna nikuthandizeni. Pa fomu apa pali malo ya experience. Munthu wamene wasebenza zaka zambiri ningamutenge olo alibe pepala, koma ba ku ofesi bazanifunsa chamene anachita. Munagwirapo bakawalala bangati?"

"Kulibe, bwana."

"Olo umozi?"

Bwana Daka analowererapo, akuganiza kuti akuthandiza. Anati chiyambire pamalo pano sipanasowepo ngakhale msomali. Bambo wa kampani anakanda kumutu n'kunena kuti ngati ndi choncho, mwina malowo alibe akuba, ndipo aliyense angalondere.

"Babwera, bwana," anatero ba Jeremiya mwakachetechete. "Babwera, koma babweza."

"Ehe, ni vamene nifuna. Nipaseni zina imozi chabe. Munthu umozi wamene angakambe kuti zoona, aba bamdala bananigwira, olo banagwira uje. Nizalemba, nizasaina, nchito ni yanu."

M'chipindamo ndinkamva malata akulira ndi kutentha, ndi ntchentche imodzi pawindo. Ndinkadziwa mayina amene akanatha kutchula, ena mwa iwo ana awo anali pamzere panja. Ndinkadziwanso kuti sipankafunika kuti iwo atchule aliyense, chifukwa mboni inali m'chipinda momwemo, itagwira cholembera. Mawu ake anali ochepa: bwana, ndine. Koma kalata yochepetsa alonda inali ndi inzake yochepetsa makalaliki, imene tinkaidikira mwezi uliwonse, ndipo kalaliki wogwira kiyi amene anabapo chimanga cha chithandizo sakanadikira n'komwe kalatayo. Tisa anali atayamba sukulu. Ndinatsegula pakamwa, ndikulumbira ndinatsegula, koma munatuluka mpweya wokha.

Ba Jeremiya sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana pansi monga mwa masiku onse, ndipo maso awo anayenda pa simenti, anadutsa nsapato za bambo wa kampani, anadutsa za bwana Daka, anafika pa zanga. Ndinabweza mapazi kunsi kwa mpando. Ndinaona kuti aona.

"Bwana," anatero, "lembani chabe kuti sininagwirepo munthu."

Bamboyo anapumira m'mwamba n'kundigwedezera mutu. Ndipo ine, ndi dzanja langali, ndi zilembo zanga zokongola zimene aphunzitsi ankandiyamikira, ndinalemba pa fomu ya ba Jeremiya kuti sanagwirepo munthu.

Kumapeto kwa mwezi anabweza chijasi, ndodo, wezulo, tochi ndi kiyi. Bwana Daka atatambasula dzanja kuti alandirenso tsache, iwo analibisa kumbuyo ngati mwana. Madzulo amenewo anasesa komaliza, chobwerera m'mbuyo mpaka pageti, anatseka, n'kupitiriza kuyenda chobwerera pang'ono ndithu mumsewu, ngati aiwala kuti bwalo latha. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa mkuyu, ndikulira ngati wamasiye, koma osatuluka.

Magadi atsopano anali anyamata awiri abwino, a yunifomu ya buluu ndi majombo onyezimira. Sindinganame kuti katundu anayamba kusowa. Ankalondera bwino, ankalemba m'buku ola lililonse, ndipo mwezi woyamba womwewo anagwira bambo wina wa m'mudzi akudula waya wa mpanda kuti akatchere msampha. Anamumanga manja, anamukhazika pansi pa mkuyu anthu onse akuona mpaka galimoto ya polisi inabwera. Buku lathu linapeza dzina lake loyamba. Ba Jeremiya anadutsa kamodzi kokha, akupita kuchigayo, anasuzumira pa waya n'kuona mapazi a majombo ali mbwee, onse ofanana, n'kundiuza kuti nyuzi ya masiku ano ikulemba mawu amodzimodzi. Chaka chotsatira kampani inabweretsa lole ya timiyala tophwanya n'kuthira bwalo lonse, ati fumbi limadetsa yunifomu.

Ba Jeremiya ndinakawaona mwezi wathawu nditamva kuti agona ndi matenda. Anali pamphasa pakhonde, ataonda mpaka makutu okha ndiwo anatsala. Anandiuza kuti analota akusesa kumwamba, ndipo mizere ya ndege inali yovuta kuchotsa. Ba Esinati atalowa m'nyumba kukatenga madzi, ndinasendera pafupi. Ndinali nditakonza mawu njira yonse.

"Atate, siku ija ya intavyu, ine..."

"Tisa ali mu giredi chani manje?"

"Giredi faivi, atate. Koma nifuna nikambe..."

"Faivi! Akula. Muzimugulira nsapato zabwino, osati monga zanu."

Anatseka maso akumwetulira, ndipo sanandilolenso. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kundisiya ndi katundu wanga kuti ndisenze ndekha. Mwina zonse ziwiri. Munthu uja anali wachifundo, koma sanali wofewa.

Titabwerera kuchokera kumanda, azimayi tinakhala m'nyumba ya siwa, nsapato zathu zili mulu pakhomo. Ba Esinati anali atalira mpaka mawu kusasa, ndipo anayamba kuwadandaula amuna awo monga ankachitira ali moyo, ife tikuseka ndi misozi. Ananena za tsache, ananena za polishi amene anathera kumutu. Kenako ananena za chaka cha chimanga chachikasu, chimene iwo ankati milisi.

"Ine nasebenza pa mseu wiki yonse, zuba pamutu, napasiwa ndowa imozi ya milisi. Nafika nayo panyumba pa Chibelu. Mailo yake pa Sondo mazulo aba bamuna banyamula ndowa yanga yonse, ati khoswe wadya milisi ya boma, nifunika kubwezapo. Tinagona na njala masiku yatatu! Nabafunsa zaka na zaka, khoswe wamene uyo ni ndani? Bafa nayo zina."

Azimayi anaseka, wina anati amuna ndi choncho. Ine ndinakoka chitenje n'kuphimba mapazi anga. Kawiri tsopano ndabisa mapazi m'malo monena kuti ndine. Ndikamaliza kulemba izi ndipita nazo kwa ba Esinati ndikawawerengere ndekha, ndipo zimene adzanene ndidzazilandira nditakhala pansi.

Loweruka madzulo ndinapita kuofesi, ngakhale silinali tsiku la ntchito. Gadi wa tsikulo anali m'kanyumba kake ka malata akumvera wailesi, anandikwezera dzanja osatuluka. Mkuyu ulipo. Mwala umene ba Jeremiya ankakhalira ulipo, wosalala pamwamba, ndipo pa thunthu la mtengo pakadali msomali umene ankakolekapo chijasi, wachita dzimbiri. Pamene tsache linkatsamira pamera kaudzu. Bwalo lonse ndi timiyala totuwa, tolira kunsi kwa nsapato, toti ngakhale njovu itadutsa simungadziwe. Ndege inadutsa pamwamba, inasiya mzere wake, ndipo panalibe woiseka.

Kuseri kwa shedi, pamene ndinawabwezera tsache tsiku lija, lole ya timiyala sinafike. Patsala kachigawo ka fumbi lofiirira, kakang'ono ngati mphasa ya mwana, ndipo mphepo inali itakasalaza. Ndinavula nsapato ya kumanzere, ndinaponda pakati, ndinachotsa phazi. Zala zinayi. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linalowa m'fumbi la msewu, ndikudikira sindikudziwa chiyani.

Lolemba m'mawa ndinafika ena onse asanabwere, ndinazungulira kuseri kwa shedi. Phazi lija linali pomwepo, loonekera bwino, zala zake zinayi. Palibe analiwerenga, ndipo palibe analisesa.